Mankhwala Athandiza, Koma Mwana Akunenepa: Kodi Foni Ingatithandize?

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI:  Ino ndi pulogalamu yathu ya zaumoyo wa pabanja.

Nkhani ya lero ikuyambira pa yunifolomu ya sukulu. Munaisoketsa mu Sepitembala, ndipo telala anaisiya yokhwepa kuti mwana akule nayo. Pofika Disembala, mabatani akukana kutsekeka. Mwana sanatalike. Mphika wa nsima ndi womwe uja. Chatsopano m'nyumbamo ndi chimodzi chokha: mapiritsi amene adokotala anapereka kuti mwana apeze mtendere m'maganizo.

Lero tikamba za ana amene amamwa mankhwala a matenda a maganizo ndipo akunenepa mofulumira. Tikambanso za thandizo limene layamba kubwera kudzera pafoni ndi pa intaneti, zimene makolo amakondwera nazo pa thandizo limeneli, ndi zimene zimawadetsa nkhawa. Koma poyamba, tiyeni tilowe m'nyumba ina kudzera m'kasewero aka.

(PHOKOSO LA MBALE, NKHUKU ZIKULIRA PANJA)

AGOGO: Iwe mwananga, tamuone mdzukulu wangayu mmene wasalalira! Chaka chatha anali ngati bango. Mulungu wayankha ndithu.

MAYI: Amayi, ine mtima suli m'malo. Dzulo anamukweza pasikelo kuchipatala. Wawonjezera makilogalamu 6 m'miyezi itatu yokha.

AGOGO: Ndiye vuto lili pati? Mwana wodwala ndi amene amaonda.

MAYI: Usiku akudzuka n'kumafufuza m'mapoto, amayi. Akangomaliza kudya akufunsanso chakudya. Ndikamukaniza akulira mpaka kudzigwetsa pansi. Kusukulu anzake ayamba kumupatsa mayina.

(CHITSEKO CHITSEGUKA)

BAMBO: Odi muno! Mwaswera bwanji, apongozi?

AGOGO: Taswera bwino, kaya inu bambo.

BAMBO: Taswera. Mayi a mwana, taonani zimene wina watumiza pagulu lathu la WhatsApp. Akuti mankhwala amenewa amawononga thupi. Ine ndikuti tingomusiyitsa lero lomwe. Akunenanso kuti pali tiyi wina wochepetsa thupi, amatumiza pabasi.

MAYI: Bambo, mwaiwala kale? Mwaiwala masiku aja ankadzimenyetsa mutu kukhoma, tonse osagona mpaka tambala kulira? Pano akugona. Pano akukhala m'kalasi.

BAMBO: Sindinaiwale. Koma ndiziyang'ana mwana wanga akutupa chonchi?

AGOGO: Inetu ndasokonezeka. Wina akuti asiye, wina akuti apitirize. Nanga tifunse ndani?

(NYIMBO YOFATSA KWA MASEKONDI OCHEPA)

MUULUTSI: Anthu atatu, mitima itatu, koma onse amamukonda mwanayo. Agogo sakulakwa kusangalala. Dziko lathu lazunzika nthawi yaitali ndi kunyentchera kwa ana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Ndiponso zaka za mliri wa Edzi zinatiphunzitsa kuopa kuonda. Choncho maso athu anazolowera kuona masaya odzaza ngati umboni wa moyo. Mayi nawo akuona zoona: kunenepa kumeneku si kwa masiku onse. Bambo akuopa chinthu chenicheni, koma njira imene foni yawalozera ndi yoopsa. Funso la agogo ndilo mutu wathu: tifunse ndani?

Tiyambe ndi mankhwalawo. Mwana angapatsidwe mankhwala a maganizo pa zifukwa zosiyanasiyana. Wina amamva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona. Wina maganizo ake amakwera ndi kutsika mopyola malire. Wina ali ndi autism ndipo amapsa mtima koopsa mpaka kudzivulaza. Mayina amene mungawaone pakapepala ka mankhwala ndi monga risperidone, olanzapine, quetiapine, aripiprazole, chlorpromazine ndi haloperidol. Palinso sodium valproate, amene ambiri timawadziwa ngati mankhwala a khunyu, koma amagwiritsidwanso ntchito pokhazikitsa maganizo. Si onse amanenepetsa mofanana, ndipo ena amachita zosiyana kotheratu. Methylphenidate, amene amaperekedwa kwa ana ovutika kukhazikika, kawirikawiri amachepetsa chilakolako cha chakudya.

Kukula kwa nkhaniyi kunaonekera poyera mu 2009, pamene dokotala Christoph Correll ndi anzake ku New York anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya madokotala yotchedwa JAMA. Anatsatira ana ndi achinyamata 272 azaka zapakati pa 4 ndi 19, amene pafupifupi onse ankamwa mankhwalawa koyamba m'moyo wawo. Patatha masabata pafupifupi 11, amene ankamwa olanzapine anali atawonjezera makilogalamu 8.5 tikawerengera pakatikati. A quetiapine anawonjezera 6.1, a risperidone 5.3, ndipo a aripiprazole 4.4. Kagulu kochepa ka ana amene sanamwe mankhwalawo sikanafike n'komwe pa theka la kilogalamu.

Taganizirani mapaketi 8 a shuga, a kilogalamu imodzi imodzi, ataikidwa pathupi la mwana m'temu imodzi ya sukulu. Pamene mwana wa kupulayimale amene sanathe msinkhu amawonjezera makilogalamu 2 kapena 3 pachaka chathunthu. Anawo anali a ku America, koma ena mwa mankhwala ake ndi omwewo amene mabanja amalandira kuno kwathu, ndipo thupi la mwana ndi limodzimodzi.

Nanga chimachitika n'chiyani m'thupimo? Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamagwira ntchito ngati mlonda wa nkhokwe. Munthu akadya, kachigawoka kamalandira uthenga wakuti m'mimba mwadzaza, ndipo kamatseka chitseko cha njala. Ena mwa mankhwalawa, pogwira ntchito yawo yokhazika maganizo, amatsekerezanso njira zimene uthenga umenewu umadutsa. Mwana amadya mtanda woyamba, wachiwiri, koma uthenga wakuti wakhuta sukufika. Chachiwiri, mankhwalawa amabweretsa tulo ndi kufooka, ndiye mwana amene ankathamanga tsiku lonse amayamba kukonda mkeka. Chachitatu, ena mwa iwo amasintha mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta a m'magazi.

Apa ndikufuna mumvetsetse, makolo anzanga. Njala ya mwana ameneyu ndi yeniyeni. Si dyera. Si mwano. Sikuti inu mwalephera kulera. Mukamukalipira kuti ndi wosusuka, mukumulanga chifukwa cha chinthu chimene sanachisankhe. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinapempha mtendere wa mwana, ndipo wabwera. Matope akewo tiwasamale tonse, osati kumusenzetsa mwana yekha.

Tisawanyalanyazenso matopewo. Kunenepa kofulumira paubwana kumatsegulira khomo matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima m'tsogolo. Palinso bala la mumtima. Mwana amene akulimbana kale ndi matenda a maganizo akayamba kusekedwa chifukwa cha thupi lake, amadzipatula, ndipo wachinyamata angayambe kubisa mapiritsi pansi pa lilime n'kukalavula kuseri. Mankhwala akasiyidwa mwadzidzidzi, matenda angabwerere ndi mphamvu. Kwa mwana wa khunyu, kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kotsatizana kumene kungachotse moyo. Choncho bambo a m'sewero lathu, ndi abambo onse amene akuganiza ngati iwo, imvani: musasiyitse mwana mankhwala, musachepetse mlingo, musadumphitse masiku, popanda amene anakulemberani.

(NYIMBO IKWERE, KENAKO ITSIKE)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za ana amene akunenepa chifukwa cha mankhwala a matenda a maganizo. Tsopano tifike pa nkhani ya foni.

M'mayiko monga America ndi Britain, zipatala ndi mayunivesite akhala akuyesa njira zothandizira mabanja otere ali kunyumba kwawo. Njira zake ndi zingapo. Pali mauthenga apafoni okumbutsa kholo kuyeza mwana kapena kutuluka naye kukayenda. Pali mapulogalamu a m'foni olembamo zimene mwana wadya. Pali kukumana ndi katswiri wa kadyedwe pavidiyo. Palinso magulu a makolo otsogoleredwa ndi namwino. Kuno kwathu maganizo amenewa si achilendo kotheratu. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba m'boma la Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, kenako chinafalikira dziko lonse n'kukhala m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Chinationetsa kuti Mmalawi akhoza kulandira uphungu wa zaumoyo m'chinenero chake asanakwere njinga.

Kodi makolo amaiona bwanji nkhaniyi? Tiyambe ndi zimene zimawakopa.

Choyamba ndi mtunda. Malo a akatswiri a matenda a maganizo m'Malawi ndi owerengeka: chipatala cha Zomba Mental, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Zambia ambiri amadziwa Chainama ku Lusaka. Zipatala za m'maboma zimathandiza ndithu, koma kwa mayi wochokera kumudzi ulendo uliwonse ndi ndalama ya thiransipoti ya anthu awiri, tsiku la ganyu lotayika, ndi mwana wojomba kusukulu. Kholo lotere likamva kuti likhoza kufunsa funso lili pakhomo, limapuma.

Chachiwiri ndi mwana mwiniyo. Kwa mwana wa autism, minibasi yodzaza, phokoso la padepoti ndi mzere wautali wa kuchipatala ndi chizunzo. Amafika kwa dokotala atatopa ndi kulira, ndipo kholo limaiwala theka la zimene linafuna kufunsa. Pafoni, kholo limalankhula mtima uli pansi.

Chachitatu ndi nthawi. Nkhondo ya chakudya sichitika m'mawa kuchipatala. Imachitika usiku, mbale zitatsukidwa, mwana ataima pakhomo la khitchini. Tsiku lobwerera kwa dokotala lili kutali mwezi wathunthu. Uthenga waufupi wofika madzulo, wokumbutsa kholo kuti lisunge gwafa kapena chimanga chowiritsa cha nthawi imeneyo, uli ndi phindu kuposa malangizo aatali amene anaperekedwa masabata anayi apitawo.

Chachinayi ndi kusungulumwa. Makolo a ana amenewa amasenza katundu mwakachetechete, chifukwa anansi amathamangira kunena za ufiti kapena kutchula mawu opweteka akuti misala. Kupeza kholo lina limene likudutsa m'njira yomweyo, ngakhale lili ku Karonga inu muli ku Nsanje, kumachotsa manyazi. Mutu umodzi susenza denga.

Koma makolo omwewo ali ndi madandaulo, ndipo ine ndikuona kuti ndi omveka.

Dandaulo lalikulu ndi lakuti malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera mwana amene samwa mankhwala. Amangoti chepetsani chakudya, wonjezerani masewera. Wolembayo sanaonepo mwana akuswa mbale chifukwa wakanizidwa mtanda wachitatu. Sakudziwa kuti ana ena a autism amangolola zakudya ziwiri kapena zitatu, ndipo china chilichonse chatsopano amachikankha. Kholo likayesa malangizo otere n'kulephera, limadziona ngati lolakwa, pamene cholakwika ndi malangizowo.

Dandaulo lachiwiri ndi kutopa. Mayi amene akuwerengera mapiritsi, kuyankha madandaulo a aphunzitsi, kusamala ana ena ndi kugulitsa tomato pamsika, mukamuuza kuti azilemba m'foni chakudya chilichonse katatu patsiku, adzachita sabata imodzi n'kusiya. Thandizo labwino limachotsako katundu, silimawonjezera.

Lachitatu ndi chinsinsi. Kodi dzina la mwana, matenda ake ndi kulemera kwake zikusungidwa kuti, ndipo akuziona ndani? Pagulu la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo chithunzi chikangotumizidwa sichibwereranso. Mwana wa zaka 9 lero adzakhala mnyamata wofunsira ntchito mawa. Mbiri ya matenda ake ndi yake, si yathu yoti tizigawa.

Lachinayi ndi foni yeniyeniyo. Makolo ambiri akulimbana kale kuti mwana asiye kukhala pansi maso ali pagalasi. Akamva kuti yankho lili m'foni momwemo, amadabwa, ndipo ali ndi chifukwa. Kwa mwana wamng'ono, foni ikhale m'manja mwa kholo. Kwa wachinyamata, tisamale kuti manambala a sikelo asasanduke chikwapu. Mtsikana amene amadziyeza m'mawa ndi madzulo, n'kumadumpha chakudya mobisa kapena kudzisanzitsa, walowa m'vuto lina loopsa limene likufunika dokotala msanga.

Ndiye pali zathu za kuno. Bandulo ndi ndalama. Netiweki imathawa. Magetsi akazima foni imagona. M'mabanja ambiri foni imayenda ndi bambo, pamene wogwira chipande ndi mayi kapena agogo. Mapulogalamu ambiri ali m'Chingerezi, ndipo amatchula zakudya zimene pamsika wa Lizulu simungazipeze, koma sadziwa bonongwe, chisoso, nkhwani kapena usipa. Kwa ife, uthenga wamawu wa mphindi imodzi m'Chichewa, umene agogo angaumve akusenda nyemba, ungapose pulogalamu yokongola yodula.

Mukaika zonsezi pamodzi, pempho la makolo ndi limodzi: kuseri kwa foniyo kukhale munthu, ndipo munthuyo azilumikizana ndi chipatala chimene chikupereka mankhwala. Ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Foni ndi mthenga. Mthenga amafupikitsa ulendo, koma sayeza magazi ndipo sasintha mankhwala.

Tsono mthenga wabwino mungamudziwe bwanji? Amakuuzani poyera kuti iye ndani ndipo akuchokera kuchipatala kapena bungwe liti. Amafunsa dzina la mankhwala amene mwana akumwa. Sakuuzani kuti musiye mankhwala. Salonjeza zozizwitsa za masiku 7. Sakugulitsani kanthu. Amalankhula za banja lonse, osati kuloza chala mwana. Ndipo zinthu zikavuta amakutumizani kuchipatala. Koma uyo wa pa Facebook kapena TikTok amene akutsatsa tiyi, ufa kapena mapiritsi ochepetsa thupi, mutalikireni. Zambiri mwa zinthu zimenezi zimangotsegula m'mimba ndi kukhetsa madzi m'thupi, sizinayesedwe pa ana, ndipo zina zimasokoneza mankhwala amene mwana akumwa.

(NYIMBO YAIFUPI)

MUULUTSI: Tsopano tibwerere kukhitchini, chifukwa kaya foni ilipo kaya palibe, ntchito yeniyeni ili kumeneko.

Katswiri wina wa ku America, Leonard Epstein, anatchuka ndi njira yothandizira ana onenepa imene maziko ake ndi awiri. Oyamba ndi akuti banja lonse lisinthe limodzi. Achiwiri ndi kugawa zakudya ngati maloboti a pamsewu: zobiriwira, zachikasu ndi zofiira. Tiyeni tiziike m'mbale zathu.

Zobiriwira ndi zoti mwana adye momasuka: masamba onse monga mpiru, kholowa, bonongwe, therere ndi kabichi, tomato, nkhaka, ndi madzi akumwa. Zachikasu ndi zofunika tsiku lililonse koma pamlingo: nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nyemba, nandolo, nsomba, mazira, nyama ndi nsinjiro. Zofiira ndi za mwa apo ndi apo: mandasi, zitumbuwa, tchipisi cha pachiwaya, mabisiketi, maswiti, zakumwa za m'mabotolo, ndi thobwa kapena tiyi wothira shuga wambiri. Palibe gulu limene tikulichotsa pa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Mwana akukula, ndipo akufunika onse.

Ngati mungasinthe chinthu chimodzi chokha sabata ino, yambani ndi zakumwa. Shuga wa m'madzi amalowa m'thupi osakhutitsa, ndipo ena mwa mankhwalawa amaumitsa kukhosi, choncho mwana amamwa kwambiri. Ikani botolo la madzi pafupi naye nthawi zonse. Shuga wa mu tiyi ndi m'phala muzichepetsa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi.

Pa nthawi ya chakudya, yambitsani ndiwo zamasamba, ndipo zikhale zambiri. Nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba kuposa ya ufa woyera. Gawirani mwana m'mbale yake, poto atsale kukhitchini. Akafuna kuwonjezera, muuzeni mofatsa kuti adikire pang'ono amwe madzi, ndipo akapitiriza kufuna, muwonjezereni ndiwo. Chakudya chikhale ndi nthawi zodziwika, kuphatikizapo kachakudya kapakati monga papaya, gwafa, lalanje kapena dzira lowiritsa. Mwana amene akudziwa kuti chakudya chibweranso nthawi yakutiyakuti savutika mtima ngati amene akungokanizidwa. Musagwiritse ntchito maswiti pomunyengerera kuti amwe mankhwala. Ndipo zofiira zija zisakhale m'nyumba n'komwe, chifukwa n'kupanda chilungamo kuti abale ake azidya mandasi iye akuyang'ana.

Pa masewera, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ana azaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kapena kwambiri kwa mphindi zosachepera 60 patsiku. Izi sizifuna ndalama. Fulaye, jingo, mpira wachikulunga, kuvina, kupalasa njinga, kuyenda wapansi popita kusukulu, zonsezi zimawerengedwa, ndipo zikhoza kugawidwa m'zidutswa. Mwana wofooka ndi mankhwala sadzayamba yekha. Tulukani naye. Ngati tulo ta masana tachuluka, auzeni adokotala, chifukwa nthawi zina iwo amatha kusintha nthawi yomwera mankhwala.

Samalaninso lilime. Musamutche mayina, ndipo musalole wina kumutero, ngakhale mwanthabwala. Khalani pansi ndi agogo, azakhali ndi amalume, muwafotokozere mwaulemu kuti chikondi chawo tikuchifuna, koma chibwere ngati nthochi ndi nthano, osati ngati paketi ya mabisiketi.

Kuchipatala nako pitani mutakonzeka. Mu 2004 mabungwe a madokotala a shuga ndi a matenda a maganizo ku America anagwirizana kuti munthu woyamba mankhwalawa aziyezedwa kulemera asanayambe, kenako pa sabata ya 4, ya 8 ndi ya 12, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iliyonse. Anatinso shuga, mafuta a m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi ziyezedwe poyamba komanso pakatha masabata 12. Inu pemphani kuti mwana akwezedwe pasikelo ndi kuyezedwa msinkhu ulendo uliwonse, ndipo manambalawo alembedwe m'buku lake la kuchipatala. Ngati m'banja mwanu muli odwala shuga, nenani tsiku loyamba. Miyezi yoyambirira ndi imene kulemera kumathamanga kwambiri, choncho musadikire. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Dokotala ali ndi njira zimene inu mulibe. Akhoza kuunikanso mlingo, akhoza kusintha n'kupereka mankhwala ena osanenepetsa kwambiri, ndipo kwa ana ena amawonjezera metformin, mankhwala a shuga amene kafukufuku waonetsa kuti amachepetsa kunenepa kotereku. Zonsezi ndi zoti asankhe iye atamuona mwanayo. Ngati mwana wanu ndi mtsikana amene watha msinkhu ndipo akumwa sodium valproate, kambiranani ndi dokotala mwapadera, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana wosabadwa. Ndipo mukaona ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kufooka kwachilendo, kapena khungu lakuda kumbuyo kwa khosi looneka ngati litsiro losachoka, musadikire tsiku lolembedwa. Pitani msanga akayeze shuga.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI)

MUULUTSI: Ndisanatsanzike, ndili ndi mawu kwa inu ogwira ntchito zaumoyo ndi inu achinyamata opanga mapulogalamu a pakompyuta. Musanapange chilichonse, khalani pamkeka ndi makolo. Afunseni kuti njala imavuta nthawi yanji, foni imakhala ndi ndani, ndipo pamsika wawo pali chiyani. Lembani m'zinenero zathu, gwiritsani ntchito mawu olankhula, tetezani chinsinsi cha mwana, ndipo onetsetsani kuti kholo likafunsa, pali namwino kapena dokotala woyankha.

Kwa inu makolo ndi agogo, funso lija lakuti tifunse ndani layankhidwa: funsani amene analemba mankhwalawo, ndipo foni ikhale njira yowafikira, osati yowalowa m'malo. Usiku uno tsegulani buku la kuchipatala la mwana wanu, muone ngati kulemera kwake kunalembedwa. Ngati sikunalembedwe, ulendo wotsatira pemphani sikelo musanalandire mapiritsi. Mwana wanu akuyenera kukhala ndi zonse ziwiri, mtendere m'maganizo ndi thupi lamphamvu, ndipo ndinu amene mungamulankhulire.

  

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)